Tadzimana Mokwanira: Madandaulo Ochokera m'Makomboni a Chipata

Ife amene tikudandaula pano timakhala ku Mchini, ku Nabvutika, ku Magazine ndi ku Kapata, ndipo anzathu ena ndi a kumidzi ya ku Luangeni, Kasenengwa ndi Chipangali. Pakati pathu pali amayi ogulitsa tomato ndi repu ku Saturday Market, anyamata onyamula anthu pa njinga, owotcherera zitsulo, ometa tsitsi, antchito a m'nyumba za kumayadi, ndi alimi a chimanga ndi nshawa. Chimene chimatisonkhanitsa ndi chilimba. Mwezi ukatha timakumana kuti aliyense aponye kangachepe, koma masiku ano tisanatsegule n'komwe buku la ndalama, nkhani imakhala itayamba kale: mayunitsi a magetsi atha, mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha nsapato, basi yakweranso mtengo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tagwirizana kuti tilembe, kuti akuluakulu amene amakonza mitengo ndi malamulo amve kuchokera kwa eni akefe.

Chimene chimatiwawa si mitengo yokha ayi. Malangizo nawo atitopetsa. Pawailesi, kutchalitchi, m'misonkhano ya mabungwe, ngakhale m'mauthenga obwera pafoni, mawu ake ndi omwewomwewo: konzani bajeti, gulani zinthu zambiri nthawi imodzi, zimitsani magetsi mukamatuluka, yendani pansi ngati ndi pafupi, sungiranitu ndalama za sukulu chaka chisanathe. Mawuwa si oipa, ndipo ambiri amene amawanena amatifunira zabwino. Koma amanenedwa ngati kuti umphawi wathu ukuchokera m'kusasamala, ngati kuti pali ndalama ina imene timangoimwaza. Mabwana, zonsezo timachita kale, ndipo timachita zoposa pamenepo. Chimene taona n'chakuti njira iliyonse yotchipa imafuna munthu wokhala ndi ndalama yambiri m'manja nthawi imodzi. Amene alibe amagula chinthu chomwecho modula, pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku. Ndipo pamene takwanitsadi kuchepetsa, chotsalacho timalipira ndi miyendo yathu, ndi tulo tathu, ndi maphunziro a ana athu.

Aliyense amadziwa kuti thumba la ufa la makilogalamu 25 limatchipa poyerekeza ndi pamela, ufa wogula pang'onopang'ono m'timapulasitiki. Mayi amene amagula pamela pakantemba madzulo aliwonse amadziwa bwino lomwe kuti mwezi ukamatha walipira zoposa mtengo wa thumba lathunthu. Sasowa womuwerengera samu imeneyi. Chimene amasowa ndi ndalama ya thumba pa tsiku limodzi. M'chaka cha 2024 thumba la breakfast linadutsa K300 m'mashopu ambiri, pamene malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba, amene boma linakweza mu Januwale chaka chomwecho, anali K1,300 pamwezi, ndipo si mabwana onse amene amafikapo. Wogulitsa pamsika ndiye salandira n'komwe pamwezi: lero wapeza kangachepe, mawa kochepera apo, mkuja wabwerera chimanjamanja. Asilikali a ZNS atayamba kugulitsa ufa wa Eagles pa K230 mu 2023 tinasangalala, koma K230 nayonso ndi ndalama ya nthawi imodzi, ndipo woima pamzere kuyambira m'mawa, tsiku limenelo tomato wake sagulidwa. Ndiye mafuta ophikira timagula oyezera m'kapulasitiki, shuga wa pasupuni, sopo wodula pakati. Bungwe la JCTR, limene limawerengera mwezi ndi mwezi mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu, linapeza kuti ku Lusaka unadutsa K10,000 m'chaka chomwecho cha 2024. Kuno ku Chipata umatsikirapo, koma sufika n'pafupi pomwe ndi K1,300.

Nkhani ya magetsi tikufuna kuifotokoza bwinobwino, chifukwa tikukhulupirira kuti ambiri amene amakonza mitengo sanaonepo m'mene imatigwerera. Mtengo wa mayunitsi uli m'magawo. Mayunitsi 100 oyambirira a mwezi ndi otchipa, ndipo anawakonza dala kuti athandize osauka. Ukadutsa pamenepo yuniti iliyonse imadula, ukadutsanso gawo lina imadulirapo. N'chifukwa chake ndalama imene inakupatsa mayunitsi ambiri pa 2 imakupatsa ochepa pa 20 mwezi womwewo. Cholinga cha lamuloli n'chabwino: wogwiritsa ntchito magetsi ambiri alipire zambiri. Koma olilemba ankaganiza kuti mita imodzi ndi banja limodzi. Bwerani ku Mchini mudzaone. Pa puloti imodzi pali zitseko zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chitseko chilichonse banja lake, koma mita ndi imodzi, ya m'dzina la eni nyumba. Banja lililonse lili ndi mababu awiri, kawailesi, TV yaing'ono ndi potchajira foni basi, koma mita imaphatikiza zonsezo n'kutiwerengera ngati nyumba imodzi yaikulu ya ku Kalongwezi. Mayunitsi otchipa aja amatha sabata yoyamba. Masabata atatu otsalawo, anthu osaukitsitsa m'tauni muno amagula magetsi pamtengo umene unakonzedwera olemera.

Chotsatira chake ndi mikangano. Anthu amene ankabwerekana mchere ayamba kuwerengerana mababu. Wina akagula ketulo yamagetsi, puloti yonse imamuyang'ana ndi diso lofiira, ndipo eni nyumba ena analetseratu nsimbi yamagetsi ndi chitofu. Tikafunsa za mita yathuyathu timamva kuti pafunika chilolezo cha eni nyumba, mawaya atsopano, ndi ndalama yolumikizira yokwana zikwi zingapo za makwacha. Munthu wochita lendi, amene mwezi wamawa angauzidwe kuti asamuke, angakhomere bwanji ndalama yotero pakhoma la mwini? Tikupempha bungwe la ERB, limene limavomereza mitengo ya magetsi, kuti liganizire mapuloti a mabanja ambiri. Kaya banja lililonse lipatsidwe mita yake yolipira pang'onopang'ono, kaya mayunitsi otchipawo aziwerengedwa molingana ndi mabanja amene ali pa mitayo, zonsezo n'zotheka.

Kenako kunagwa chilala. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika ku Kariba, ndipo mu Malichi magetsi anayamba kuzima maola 8 patsiku. Pofika Seputembala anali maola 17, masiku ena mpaka 21. Za mvula sitingaimbe mlandu munthu. Koma taonani amene mtolowo unamulemera. Wa kumayadi anagula sola, mabatire ndi inveta, pothandizidwa ndi kuchotsedwa kwa msonkho pa zipangizo zimenezi, ndipo kuyambira pamenepo amagula mayunitsi ochepa kuposa kale. Owotcherera zitsulo a ku Kapata anayamba kugona m'mashedi awo, kudikira kuti magetsi akabwera pakati pa usiku agwireko ntchito maola awiri kapena atatu. Ometa anabweza makasitomala. Amayi amene amadyetsa ana ndi mafreezit ndi thobwa lozizira anataya katundu kangapo, mpaka ena anagulitsa firiji yomwe. Wa chigayo anaika injini ya dizilo n'kukweza mtengo wogayitsira. Ife osowa ndalama ya sola tinagula makandulo ndi mabatire a tochi, n'kumalipira potchajitsa foni, tsiku ndi tsiku. Zonse za chaka chimenecho zikanaunjikidwa pamodzi zikanagula kasola kakang'ono, koma ndalamazo sizinakhalepo m'manja mwathu nthawi imodzi.

Za makala zimatiwawa ifenso. Timaona ndi maso athu mapiri ozungulira tauni yathu akuyera, ndipo mvula yamphamvu ikagwa, madzi ochokera m'mapirimo amalowa m'nyumba za ife tomwe okhala m'tsinde. Tikudziwa kuti mitengo imene ikudulidwa ku Chipangali ndi m'njira ya ku Mfuwe idzatisowa tonse. Amatiuza kuti tiziphikira gasi. Koma silinda, chitofu chake ndi gasi woyamba ndi ndalama ya nthawi imodzi, pamene makala amagulitsidwa ngakhale a m'kapulasitiki, ophikira nsima imodzi. Makala otsala pambaula timawazimitsa ndi mchenga kuti tidzayatsenso mawa. Nyemba timaziviika usiku wonse kuti zisadye moto, ndipo mabanja ena anasiya kumene kuziphika. Mu Juni ndi Julayi, kuzizira kuli pachimake, ana amasamba madzi osatenthetsa. Ngati boma likufunadi kuti mitengo itsale, lithandize kuti silinda izipezeka pangongole yobweza pang'onopang'ono, ndi kuti gasi aziyezeredwa wa ndalama iliyonse pafupi ndi makomboni, monga amagulitsidwira makala.

Madzi amatsatira magetsi, chifukwa mapampu akaima mipopi imauma. Ambiri a ife timagula madzi pa kiosk, chigubu chimodzichimodzi, ndipo akasowa timapita kuzitsime zosazama, tikudziwa bwino zimene kolera inachita kumayambiriro kwa 2024, pamene masukulu a dziko lonse anachedwa kutsegulidwa mpaka pa 12 Febuluwale. Kuwiritsa madziwo kumafunanso makala aja. Amene amalawirira mdima kukatunga ndi ana athu aakazi, ndipo amalowa m'kalasi atatopa kale. Pafoni ndi chimodzimodzi: bandulo ya mwezi imatchipa, ya tsiku imadula ndipo nthawi yake imatha usanaimalize. Kuyambira Januwale 2024 pali msonkho pa ndalama zotumizirana pafoni, ndipo mu 2025 unakwezedwa. Pa kutumiza kamodzi umaoneka wochepa, koma ife timatumiza tindalama ting'onoting'ono kawirikawiri, kwa mwana amene ali kusukulu, kwa ambuya kumudzi, ndipo wolandirayo akapita kukatapa pa booth amadulidwanso.

Pa maulendo, zinthu zinatembenuka mu Disembala 2021, pamene boma linaleka kuikapo ndalama zake pa mtengo wa mafuta a galimoto. Petulo anachoka pa K17.62 kufika pa K21.16 pa lita, dizilo pa K15.59 kufika pa K20.15. Mu 2022 mtengo unayamba kuunikidwa mwezi ndi mwezi, ndipo mu 2024 petulo anadutsa K30. Zimene timaona ife ndi izi: mafuta akakwera usiku, m'mawa mwake kondakitala amakhala atakweza kale, koma akatsika timauzidwa kuti tidikire kaye, matayala ndi masipeya sanatsike. Sitikunena kuti eni magalimoto amanama pa zonse. Misewu ya ku Lundazi, ku Chadiza ndi ku Vubwi yawononga magalimoto kwa zaka zambiri, ndipo pa Great East Road pali zipata zolipiritsa, china pakati pa Chipata ndi Katete, china cha ku Nyimba, chinanso ku Chongwe. Koma zonsezo zimathera pa wokwera.

M'tauni muno takisi tinasiya kalekale. Chipata ndi tauni ya njinga, ndipo achikulire pakati pathu amakumbukira fakitale ya Luangwa Industries imene inkapanga njinga za Eagle konkuno m'nthawi ya a Kaunda. Lero njinga ndi masipeya ake zimachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsatira dola. Wokwera amanenerera mpaka ngwee yomaliza, ndipo mnyamata wopalasayo, amene ndi mwana wathu yemwe, amakwera chitunda ali ndi munthu ndi katundu kumbuyo pa ndalama yosakwana mbale ya nsima. Apa palibe wopindula. Osauka awiri akungolandana kochepa komweko. Njinga zamoto zachuluka ndipo n'zachangu, koma timakwera awiri kapena atatu pa imodzi kuti tigawane mtengo, opanda zipewa zotetezera mutu, ndipo ambiri a ife tili ndi wachibale amene anagonekedwapo m'chipatala ndi mwendo wothyoka. Ndalama imene inatsala chifukwa chokwera atatu sinakwane ngakhale chakudya cha womudwazika. Otsalafe timayenda pansi. Mayi wa ku Msekera kapena wa kumidzi ya m'njira ya ku Mwami amanyamuka tambala woyamba, dengu lili pamutu, kuti asalipire kanthu, ndipo amafika pamsika malo abwino atatengedwa kale.

Ulendo wa ku Lusaka ndiwo umatigwetsa m'ngongole. Ndi makilomita oposa 550, kudutsa Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa ndi mapiri a Manenekela. Sitipitako kukaona tauni. Timapita chifukwa wodwala watumizidwa kuchipatala cha UTH kapena ku Cancer Diseases Hospital, chifukwa mwana wapeza malo kuyunivesite ya UNZA, chifukwa cha mapepala a penshoni, chifukwa cha maliro. Kupita ndi kubwera kwa munthu mmodzi kumadya kuposa theka la malipiro a wantchito wa m'nyumba uja, ndipo wodwala sayenda yekha. Njira zochepetsera timazidziwa zonse. Timagona pasitesheni kuti tisalipire galimoto ya m'bandakucha. Timanyamula mbatata yophika ndi madzi a m'botolo kuti tisagule kanthu pa Luangwa. Tikafika pasitesheni ya Intercity timagona pabenchi, titatsamira chikwama, chifukwa malo ogona ndi ndalama ina. Ena amakwera malole a katundu usiku, pamwamba pa matumba, ndipo aliyense wodziwa makona a Manenekela akudziwa kuti umenewo ndi moyo woika pachiswe. Palinso njira ina imene sitikonda kuitchula, ndiyo kusapita. Pali odwala amene anapatsidwa tsiku lokaonana ndi dokotala ku Lusaka, iwo n'kungopinda kalatayo n'kuiika m'Baibulo. Pali amene sanakaike mbale wawo m'manda. Ndalama imene yatsala m'nyumba yotero si yosunga ayi, ndi ya matenda amene sanachizidwe. Tikupempha kuti madokotala a matenda akuluakulu azibwera ku Chipata Central Hospital pa masiku odziwika, chifukwa n'kwapafupi kuyendetsa dokotala mmodzi kusiyana ndi odwala odzaza basi, ndi kuti wodwala amene watumizidwa ku Lusaka azithandizidwa pa ulendo.

Njanji nayo ili pomwepa. Mu Ogasiti 2010 tinavina pamene njanji ya Chipata ndi Mchinji inatsegulidwa, patapita zaka pafupifupi 30 chiyambire ntchito yake. Tinkayembekezera sitima yotinyamula ife ndi katundu wathu motchipa, koma sitinaikwerebe. Lilongwe ili pafupi nafe kuposa Lusaka, ndipo chipata chatsopano cha pamalire cha Mwami chinatsegulidwa mu Disembala 2022, koma mayi wa malonda aang'ono amafikabe kumeneko atapanikizana m'galimoto yonyamula anthu oposa mipando yake.

Za sukulu tiyamba ndi kuthokoza, ndipo tikuthokoza ndi mtima wonse. Kuyambira Januwale 2022 fizi inachotsedwa kuchokera kusukulu ya mkaka mpaka Giredi 12, pamodzi ndi ndalama za PTA ndi za mayeso, ndipo chaka chomwecho boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000. Ana athu amene anali atakhala pakhomo, ena akuweta ng'ombe, ena akugulitsa zitumbuwa, anabwerera m'kalasi. Amene mwana wake sanabwezedwepo pageti chifukwa cha fizi sangadziwe kukula kwa chinthu chimenechi. Koma fizi inali mbali imodzi chabe ya mtengo wa sukulu. Yunifolomu, nsapato, juzi, chikwama, makope, seti ya masamu, zonsezo zilipobe. Nsapato timagula za salaula, zazikulupo, kuti mwana akuliremo, n'kuikamo mapepala kuzala. Yunifolomu ya wamkulu imatsikira kwa mng'ono wake mpaka mtundu wake sudziwikanso. Kope limodzi limalembedwa maphunziro awiri, lina kuyambira kutsogolo, lina kumbuyo. Mabuku nawo tinkasiyirana, koma silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025, ija yabwezeretsa Form 1, yachititsa kuti mabuku ambiri a akuluwo asathandizenso ang'ono awo. M'masukulu ena timapemphedwabe limu ya mapepala, polishi wa pansi kapena ndalama ya pulojekiti. Amati n'zongodzipereka, koma mwana amene sanabweretse amadziwika ndi kalasi yonse, ndipo mawa lake amakana kupita.

Chachikulu ndi kuchulukana. Ana abwerera ambiri kuposa zipinda, ndipo mphunzitsi mmodzi sangachonge makope a ana odzaza chipinda mpaka pakhomo. Aphunzitsi sitikuwaimba mlandu, timawaona akuweruka mawu atasasa. Koma mwana wofuna kukhoza mayeso tsopano amafunika tuition masana kapena patchuthi, ndipo tuition ndi ndalama. Wa kumayadi amalipira, kapena amangochotsa mwana wake n'kukamuika kusukulu yolipira. Wathu amakhala kumbuyo kwa kalasi, amalephera masamu ndi Chingerezi, ndipo pambuyo pake timafunika kumulembetsa mayeso a GCE, phunziro lililonse ndalama yake, ya senta pamwamba. Fizi imene tinapumako poyamba imadzatipeza kumapeto.

Anzathu a kumidzi ali ndi lawo dandaulo, ndipo ndi lolemera kuposa onse amene tatchula. Sekondale ili kutali, mtunda woti mwana sangayende m'mawa ndi madzulo, ndipo sukulu yogonera komweko imalipiritsabe ndalama ya chakudya ndi malo. Njira yotchipa ndi imene amati weekly boarding. Makolo amapezera mwana kachipinda pafupi ndi sukulu, amamupatsa ufa, nyemba ndi nkhuni za sabata, ndipo amadziphikira yekha. Mtsikana wa zaka 14 amagona m'kachipinda kopanda loko wodalirika, nthawi zina kuseri kwa malo omwera mowa, popanda wamkulu womuyang'anira. Ufa ukatha Lachitatu, amene amabwera ndi thandizo ndi mwamuna wa njinga yamoto kapena wa kantemba, ndipo thandizo lakelo silikhala laulere. Ndi atsikana angati a m'midzi yathu amene abwerako ndi pathupi m'malo mwa satifiketi? Mafumu athu aakulu, Kalonga Gawa Undi ndi Inkosi yama Nkosi Mpezeni, akhala akudzudzula maukwati a ana, ndipo lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka lilipo kuyambira 1997. Koma abwerera bwanji, khanda amusiyire yani? Makolo amenewa sanasankhe kachipindako chifukwa chosakonda ana awo. Anakhala pansi, nawerengera ndalama monga momwe amalangizidwira, napeza kuti ndiyo njira yokhayo imene angakwanitse. Chofunika ndi nyumba zogona atsikana pa masekondale a kumidzi, zokhala ndi amayi owayang'anira usiku.

Tikudziwa kuti kuli basale. Thumba la chitukuko la CDF linakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo zaka zotsatira linakweranso. Mbali ina ya ndalamazi ndi ya ana a sukulu zogonera ndi a maphunziro a ntchito zamanja. Ana ena a pakati pathu apindula, akuphunzira ku Chipata Trades ndi kwina, ndipo zimenezo sitikana. Koma kuti fomu ifike kumene ikufunika, kholo limayenda: kukatenga fomu, kukajambulitsa mapepala, kukasayinitsa, kubwereranso chifukwa wosayina sanapezeke, kudzafunsa ngati maina atuluka. Ulendo uliwonse ndi ndalama, ndiponso ndi tsiku la kumunda. Agogo olera ana amasiye, amene basaleyo inakonzedwera iwo, ndi amene sangathe maulendo amenewa, ndipo kawirikawiri amamva za mafomu tsiku lotsekera litadutsa. Kuyunivesite ngongole ya HELSB ilipo, ndipo ndalama ya chakudya imene inachotsedwa mu 2019 inabwezeretsedwa mu 2023, koma si onse amene amaipeza. Komanso UNZA ili ku Lusaka, CBU ku Kitwe, Mulungushi ku Kabwe. Mwana wa kuno asanaponde n'komwe m'kalasi, makolo alipira kale basi, malo ogona ndi bulangeti.

Amatiuza kuti tizisungiratu ndalama za Januwale. Tiyeni tiyende nacho chaka cha mlimi. Amakolola mu Epulo ndi Meyi, ngongole zili m'khosi. FRA, imene imagula chimanga m'malo mwa boma, imatsegula misika yake pambuyo pake, chimanga chikauma kufika pa mlingo umene imafuna, ndipo mu 2025 inalengeza K340 pa thumba la makilogalamu 50. Amene angathe kudikira amalandira mtengo wa FRA. Amene mwana wake akufuna nsapato za temu yachiwiri mu Meyi amagulitsa kwa mavenda a sikelo pamtengo wotsika. Kotsalako kamalowa ku K400 ya feteleza wa FISP, ku mbewu, ku matenda. Januwale akamafika, masukulu akutsegulidwa, feteleza wobereketsa akufunika, nkhokwe yapepuka, ndipo chimanga chimene tinagulitsa motchipa tikuchigulanso modula. Apa ndi pamene kaloba imatipeza: K100 lero, K150 mwezi ukatha, ukalephera amadzanyamula wailesi, matiresi kapena njinga. Chilimba chathu ndicho chimatiteteza ku kaloba, koma nachonso chikufooka. Aliyense akufuna kudzalandira mu Januwale, ndipo mwezi uliwonse pamakhala wina amene wabwera wopanda kanthu, maso ali pansi. Sitingamuchotse, chifukwa tikudziwa zimene zili kunyumba kwake.

Choncho inu aphungu athu, inu makhansala, ndi inu a mabungwe amene mumabwera ndi maphunziro a kasungidwe ka ndalama, tikupempha kuti pogawa CDF nyumba zogona atsikana zikhale patsogolo. Mafomu a basale azifika m'midzi kudzera kwa mafumu ndi m'matchalitchi, ndipo masiku ake azilengezedwa pawailesi m'Chinyanja padakali mwezi wathunthu. Masukulu azilola yunifolomu yosokedwa ndi telala aliyense, osati yogula pamalo amodzi okha. Mtengo wa basi uzitsika tsiku lomwe mafuta atsika, monga umakwerera tsiku lomwe akwera. Ndipo pamene mukukonza mitengo yatsopano ya magetsi kapena ya madzi, msonkhano womvera maganizo a anthu usamachitikire m'hotela mkati mwa sabata m'mawa, nthawi imene ife tili pamsika ndi kuminda. Uchitikire pabwalo la sukulu ku Mchini kapena ku Nabvutika, Lamlungu masana, m'chilankhulo chathu. Tidzabwera ndi malisiti a mayunitsi a puloti imodzi a mwezi wathunthu kuti mudzawerenge nokha.